Kwa akuluakulu a boma la Zomba: mwana wolakwa akamasulidwa, amabwerera kwa yani?

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Zomba, Mfumu ya mzinda ndi makhansala a makhonsolo onse awiri, akuluakulu a polisi, a khoti la ana, a ndende ndi a ofesi ya zachisamaliro cha anthu, aphungu athu, ndi inu mafumu, kuyambira a ndodo mpaka anyakwawa.

Akuluakulu,

Ndalemba ndi ulemu wonse. Ndine mphunzitsi wopuma, ndipo masiku ano ndimathandiza m'komiti ya chitetezo cha m'mudzi kwathu kuno. Ana amene timawagwira ndi chinangwa cha eni m'thumba, kapena ndi foni yotsomphola pa siteji, ndi ana a anthu amene ndinawaphunzitsa ndekha ali ndi mamina kumphuno. Choncho nkhani yawo sindiimvera pa wailesi ayi. Funso langa ndi limodzi, ngakhale litenga malo: mwana akapalamula, n'kugwidwa, kenako n'kumasulidwa, ndani mwa inu amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti wafika kwawo, walandiridwa, ndipo munthu amene anamulakwira uja wapepesedwa n'kubwezeredwa chake?

Zomba si boma losowa nyumba za milandu. Likulu la ndende zonse za dziko lino lili kuno. Ndende yaikulu ya Zomba, imene inamangidwa mu 1935, ili m'tauni momwemuno, ndipo Mikuyu, Domasi ndi Mpyupyu nazonso ndi zathu. Malo osinthira khalidwe la ana a Chilwa ali m'boma lino, pamene anzake ali ku Mpemba, ku Blantyre. Tili ndi khoti lalikulu, khoti la ana, koleji ya apolisi, ndiponso Chirunga kumene amaphunzira maloya ndi oweruza a mawa. Zipata zolowetsera munthu tili nazo zokwanira, chilichonse ndi mlonda wake, buku lake ndi bajeti yake. Koma munthu akatuluka, kunja kwa chipatako sapezako aliyense womudikira.

Sindikupempha lamulo latsopano. Lamulo tili nalo, ndipo ndi labwino ndithu. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana, la Child Care, Protection and Justice Act. Malamulo a milandu ya upandu amati mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu, ndipo kwa wosakwana zaka 14 pamafunika umboni woti ankadziwa kuti chimene akuchitacho n'cholakwa. Mu 2017 gawo 23 la malamulo aakulu a dziko linasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Gawo 42 la malamulo omwewo limati mwana atsekeredwe pokhapokha njira zina zonse zikakanika, kwa nthawi yochepa zedi, osamusakaniza ndi akuluakulu, ndipo asamalidwe m'njira yoti adzathe kubwerera pakati pa anthu n'kukhala munthu wothandiza. Za kubwererazi sindinazipeke ine, zinalembedwa momwemo.

Lamulo la 2010 lija linatsegula njira imene anthu ambiri kumudzi sanaimvepo n'komwe, yopatutsa mlandu wa mwana kuti usafike pozengedwa. Ngati mlanduwo suli m'gulu la milandu ikuluikulu, umboni ulipo, mwana wavomera yekha popanda kumuopseza, ndipo iye ndi kholo lake agwirizana nazo, nkhani ingathe kukonzedwa mwina. Mkulu wa pa polisi ali ndi mphamvu yomuchenjeza n'kumumasula. Ikafika kwa woimira boma ndi woweruza, pa kafukufuku woyamba amene amachitika mwana asanafunsidwe ngati akuvomera kapena kukana mlandu, pangagamulidwe kuti apepese, abweze kapena alipe chimene anawononga, agwire ntchito yothandiza mudzi, abwerere kusukulu, aziyang'aniridwa, kapena akumane ndi wolakwiridwa pamaso pa mkhalapakati ndi abale a mbali zonse ziwiri. Msonkhano wa mabanja woterewu unatchuka kuchokera ku New Zealand, kumene anauika m'lamulo mu 1989 potengera mwambo wa Amaori. Agogo athu akanauzidwa kuti n'zachilendo akanaseka chikhakhali, poti pabwalo pathu mwana akaba nkhuku ankafika ndi atsibweni ake, mwini nkhuku ankalankhula mpaka mtima utatsika, ndipo mlandu unkatha nkhuku ina italowa m'khola.

Nanga lamulo labwino chonchi limafera pati? Koyamba limafera pa kauntala ya polisi, m'maola 48 oyamba aja amene munthu wogwidwa amayenera kukaonekera kukhoti.

Nkhani yaikulu ndi msinkhu. Kulembetsa kubadwa kwa mwana kunayamba kukhala kokakamiza mu 2015, ndipo chitupa cha unzika munthu amalandira akakwanitsa zaka 16. Ndiye kuti ana ambiri akumudzi a msinkhu umene tikukambawu alibe pepala lililonse la boma lonena chaka chimene anabadwa. Mnyamata wa zaka 15 amene wakula akusenza mchenga wa mu Likangala, kapena akupalasa bwato pa Chilwa, amakhala ndi mapewa a munthu wamkulu. Amufunse zaka ali njenjenje ndi mantha, magazi akuchucha pamlomo poti gulu linayamba lamukuntha, ayankha chilichonse. Pakalembedwa 18 kapena 19 basi, njira yake yasintha: chitokosi cha akuluakulu, khoti la akuluakulu, rimandi ya akuluakulu. Chonsecho umboni wa msinkhu umakhala pafupi. Ulipo m'kabuku ka kusikelo kamene agogo ake anakasunga m'chitini, m'kaundula wa kusukulu, m'buku la ubatizo, kwa mwalimu wa ku madarasa, ngakhale kwa nyakwawa amene amakumbukira kuti mwanayu anabadwa chaka cha njala iti. Chimasowa ndi munthu woti akwere njinga akautenge.

Munthu ameneyo lamulo linamutchula. Ndi wa zachisamaliro cha anthu amene amayang'anira ana opalamula, woyenera kudziwitsidwa mwana akangogwidwa, kuti aone msinkhu wake, afufuze za kwawo, n'kulangiza khoti. Sindikuwanyoza anthu amenewa, ena a iwo ndawaona akugulira mwana chakudya ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Koma ndi ochepa, ndipo boma lathu ndi lalikulu. Kuchoka m'tauni kukafika ku Chingale kuseri kwa phiri, ku Mayaka, ku Jali kapena ku Kachulu pafunika mafuta, ndipo njinga yamoto yopanda mafuta imangokongoletsa khonde la ofesi. Akalephera kufika, wapolisi amene ali pa ntchito usiku umenewo amachita chimene chili chapafupi, ndiye kutsekera. Makolonso amathandizira kuipitsa zinthu. Ambiri sadziwa kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, ndiye amabisala poopa kulipiritsidwa kapena kugwidwa m'malo mwa mwana, ndipo mwana wopanda womusainira amagona m'chitokosi pa mlandu wa chimanga chachiwisi.

Ndiloleni ndikufotokozereni za tsiku lina pamene zinthu zinayenda monga lamulo limafunira, kuti muone chimene ndikupempha.

Mnyamata wina wa zaka 15, woleredwa ndi agogo ake aakazi, anaba njinga ya kabaza imene mwini wake anaitsamiritsa panja pa golosale. Pomwe inkapezeka n'kuti tayala lakumbuyo ndi kaliyala atagulitsa kale, ndalama atadyera tchipisi ndi kuonera mpira pa kanema. Mayi wina wapolisi wa ku ofesi yothandiza ozunzidwa anaona kuti uyu ndi mwana, mlandu ndi woyamba, ndipo wavomera. Anaitana wa zachisamaliro, ndipo nkhani inabwera pabwalo la nyakwawa wathu, iwo onse awiri alipo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango: mwini njinga ndi mkazi wake, mnyamatayo, agogo ake, atsibweni ake amene anachita kuitanidwa kuchokera kumene anakwatira, nduna za mfumu ndi ife a komiti.

Mwini njinga sanakalipe. Anangowerengera. Njingayo anaigula ndi ngongole ya banki m'khonde imene mkazi wake anatenga m'dzina lake. Tsiku lililonse limene inaima, pakhomo sipanalowe ndalama ya ndiwo, ndipo tsiku lobweza ngongole litafika mkaziyo ndi amene anakaima pamaso pa amayi anzake manja ali lende. Atatha, mkazi uja anatembenukira mnyamatayo.

"Iwe, tandiyang'ana. Ukundidziwa ine?"

Mnyamata uja maso anali pansi, chala cha kuphazi chikukumba dothi.

"Si ine ndinkakupatsa phala malemu mayi ako ali gone pa mphasa? Lero wandivula pagulu?"

"Ndalakwa, amayi."

"Kweza mawu. Pogulitsa tayala unkanong'ona?"

Anabwereza mokweza, misozi ili chuchuchu, ndipo agogo ake anaphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndikudziwa kulira kwa mwana woopa chikoti ndi kulira kwa mwana amene wamva chimene wachita. Uku kunali kwachiwiriku, ndipo m'khoti sikukanachitika, chifukwa kumeneko wodandaula amangoyankha mafunso n'kukhala pansi.

Pangano linali lakuti atsibweni agule tayala akagulitsa nandolo, mnyamatayo azigwira ntchito Loweruka lililonse kwa wokonza njinga wa pamsika ndipo malipiro ake azipita kwa mwini njinga mpaka za kaliyala ndi za masiku otayika zitakwana, abwerere kusukulu, ndipo ine ndiziona makope ake. Tinalemba mapepala atatu, onse anadinda chala. Musaganize kuti zinayenda myaa. Nandolo anagulidwa motchipa chaka chimenecho, atsibweni anazengereza, mnyamatayo anajomba maulendo angapo mpaka tinachita kukamutenga ku dimba la anzake. Lero si mngelo, pakamwa pake pamatulukabe mwano. Koma ngongole inatha, sukulu akupita, ndipo akakumana ndi mwini njinga pamsewu amapatsana moni. Munthu wina atamufunsa mwini njingayo chifukwa chake sanalimbikire kuti mwanayo akatsekeredwe, anayankha kuti, "Akanapita kumeneko, ine ndikanakwera chiyani?"

Funso la bambo ameneyu lisungeni, chifukwa otsutsa njira imeneyi amati imakomera wakuba n'kuiwala wobedwa. Kunena zoona, wobedwa amaiwalidwa kwambiri mlandu ukapita njira ya masiku onse. Amalipira yekha ulendo wa kukhoti, amamva kuti mlandu waimitsidwa, amabweranso, katundu wake amakhala ngati umboni mpaka kuchita dzimbiri, ndipo pamapeto amabwerera chimanjamanja. Komabe otsutsawa ali ndi mfundo imene sindingaikane. Nthawi zambiri chimene anthu amaona si msonkhano wonga ndafotokozawu. Amaona mwana amene anamugwira Lolemba akuyendayenda pamsika Lachitatu, popanda wowauza chifukwa, popanda chipepeso, popanda pangano. Ndiye amati apolisi adya ndalama, amati boma likuweta mbava, ndipo wotsatira kugwidwa samupititsanso kupolisi. Amamutengera miyala, zibonga, mwinanso tayala ndi petulo. Mwana amene mwamumasula mwakachetechete, wolakwiridwa osamva kanthu, mwamuika pangozi yoposa ya m'chitokosi. Akulu anati mlandu suola, ndipo m'mudzi mlandu umene sunakambidwe umadikira tsiku lake.

Kwa inu mafumu anga, ndapota nanu, mundimve bwino pano, chifukwa bwalo lanu ndi limene ndikulidalira ndipo ndi limenenso ndikuliopa. Mlandu wogwiririra, wopha munthu, wothyola nyumba ndi zikwanje si wa pansi pa mtengo. Mwana wamkazi akagwiriridwa, mbuzi si chipepeso, ndipo mfumu imene yalandira chabwalo n'kutseka nkhani yotere yapalamula nayo. Ngakhale pa milandu ing'onoing'ono, bwalo limatha kukondera. Mwana wa mbumba ya mfumu amachenjezedwa, mwana wa obwera amathamangitsidwa m'mudzi ndi banja lake lomwe. Chindapusa chimatha kukula kuposa chobedwa, n'kuthera m'thumba la nduna wobedwa osalawako. Ifenso a m'makomiti a chitetezo tili ndi anzathu amene amaona ngati kuvomera kwa mwana kumachokera ku ndodo. Amene tinaona makhoti a mafumu a nthawi ya chipani chimodzi, amene anathetsedwa titalowa m'ulamuliro wa zipani zambiri, tikudziwa chimene bwalo lopanda woliyang'anira limasanduka. N'chifukwa chake ndikuti wa zachisamaliro ndi wapolisi azikhalapo, pangano lizilembedwa, ndipo pepala limodzi lizipita kwa woweruza wa khoti la ana. Mfumu ibweretse ulemu wake ndi kudziwa kwake anthu, boma libweretse malire.

Za m'ndende sindichulutsa, mukuzidziwa kuposa ine. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu n'kuzunza anthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Inu a ndende mungatiuze nokha ngati zinatheka. Lamulo la 2010 limaletsa kuika mwana m'ndende pa mlandu uliwonse, koma mwana amene analembedwa zaka 19 uja lamulo limeneli silimuona. Amene anagonako amasimba za mgaiwa wa kamodzi patsiku, za mphere ndi chifuwa chachikulu, za nyapala amene amagawa malo ogona, ndi za chimene kamnyamata kopanda wokayendera kamalipira kuti kapeze bulangete. Wolowa chifukwa cha nkhuku amatuluka akudziwa kuthyola loko, akudziwanso kumene katundu wakuba amagulidwa.

Malo achiwiri pamene lamulo limafera ndi amene anandikhalitsa pansi kuti ndilembe, ndipo ndi tsiku lotuluka.

Ndinaona mnyamata wina akutsika minibasi pa siteji yathu, jumbo yakuda m'manja, muli malaya amodzi ndi pepala losonyeza kuti anaphunzira ukalipentala kumalo kumene ankasungidwa. Palibe amene anadziwitsidwa kuti akubwera, ngakhale nyakwawa. Anapeza mayi ake anakwatiwanso, ndipo bambo womupezayo ananena poyera kuti m'nyumba mwake simugona wakuba. Kamunda kamene kakanakhala kake atsibweni anali atabwereketsa. Anapita kusukulu, ahedi anamufunsa kalata yosamukira imene analibe, ndipo ngakhale akanamulandira, mnyamata wa ndevu zomera akanakhala bwanji pa desiki limodzi ndi tiana ta sitandade 6? Ukalipentala anali nawo m'manja, koma sowo ndi hamala analibe, ndipo palibe mmisiri amene akanasiya zida zake ndi munthu wotuluka kumene. Kutchalitchi anthu anasendera ku benchi ina. Nkhuku itasowa kwa aneba, khomo loyamba kugogodwa linali la agogo ake kumene ankagona, ngakhale pambuyo pake zinadziwika kuti inagwidwa ndi galu. Banja limene analilakwira poyamba lija linamva za kubwera kwake pa mjigo, ndipo linagula loko wina. Mvula isanagwe anali atapita kunyanja. Koma Chilwa amene anaphwa mu 1995 n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018 salinso wodalirika ngati kale, matemba sakwanira onse othawirako. Mbiri yomaliza imene tinamva ndi yoti anagwidwanso, ulendo uno ngati wamkulu.

Ndalama zonse zimene boma linawononga pomudyetsa, pomulondera ndi pomuphunzitsa zinatayika pa mtunda wa pakati pa siteji ndi khomo la mayi ake, mtunda umene palibe ofesi inaikapo tambala. Kwa atsikana n'zoipa kuposa apa, chifukwa mtsikana wobwerera ndi mbiri yotere abale amafulumira kumupezera mwamuna aliyense kuti achoke pakhomo, ngakhale lamulo likuletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

A Bwanamkubwa, kuyambira 1998 takhala tikumva za mphamvu ku anthu, ndipo ntchito za chisamaliro cha anthu zili pansi pa khonsolo yanu. Ndikupempha kuti mu bajeti ya khonsolo mukhale mzere wakewake, wosabwerekedwa kukalipira ma alawansi a misonkhano, wa maulendo atatu a mwana aliyense wotuluka. Ulendo woyamba ndi wokaona kwawo iye asanatuluke, kukamva ngati alipo womulandira, ndipo ngati palibe, kupeza wachibale wina nthawi ikadalipo. Wachiwiri ndi womuperekeza, kuti asatsike minibasi yekha ngati wothawa, koma akaperekedwe m'manja mwa mwinimbumba pamaso pa nyakwawa, wolakwiridwa ataitanidwa. Akakana kubwera ndi ufulu wake, asakakamizidwe kukhululuka, koma amve kuchokera kwa inu osati pa mjigo. Wachitatu ndi wokamuona patapita miyezi ingapo, pamene chisangalalo cha kutuluka chatha ndipo njala yayamba kuluma. Bungwe la Child Case Review Board, limene limaunika milandu ya ana osungidwa n'kuvomereza kuti atuluke, lingathe kudziwitsa khonsolo nthawi ikadalipo, kuti kalata ifike kwa mfumu ndi kwa ahedi mwana asanafike. Mafuta a maulendo atatu amenewa sangafike pa mtengo wosunga munthu yemweyo m'ndende chaka china.

Inu a zamaphunziro, MANEB ili kuno ku Zomba, ndipo ngakhale akaidi aakulu amalemba mayeso ake ali m'ndende. N'zomvetsa chisoni kuti munthu angathe kuphunzira ali mkati, koma akatuluka n'kukanizidwa malo chifukwa cha kapepala. Mwana azituluka ndi kalata yonena kalasi imene wafika, ndipo ahedi auzidwe momveka kuti alibe mphamvu yomubweza kapena yolengeza mbiri yake pa asembule. Amene msinkhu wapitirira, tisadzinamize kuti adzakhala m'kalasi. Amenewo ndi a ntchito zamanja, ndipo si onse angafike ku koleji ya ntchito zamanja ya Nasawa kapena kukwanitsa zofunika za TEVETA. Amisiri tili nawo ku Chinamwali, ku Mpondabwino, ku Songani, ku Thondwe: owotcherera, osoka, okonza njinga zamoto, omanga. Ambiri angalole kutenga mwana mmodzi ngati pali kandalama kochepa ka mwezi ndi munthu wa boma amene angamuimbire zinthu zikavuta. Za zida ndinene mosabisa, poti ndaziona: mukapatsa mnyamata wanjala bokosi la zida tsiku lotuluka, pofika Loweruka lili pamsika. Zida zizisungidwa ndi mmisiri womuphunzitsayo, azizigwiritsa ntchito pomwepo, zidzakhale zake akatha chaka.

Aphungu athu, ndikudziwa kuti mlatho ndi chipinda chophunziriramo zimaoneka, zimajambulika, pamakhomedwa chikwangwani cha dzina lanu. Sowo wa mwana wotuluka m'chitokosi alibe poika chikwangwani, ndipo ovota ena adzakunenani kuti mukudyetsa mbava. Komabe m'thumba la chitukuko la CDF mungapatulidwe kachigawo ka zimenezi, ndipo ku Nyumba ya Malamulo mungafunse chifukwa chake lamulo limene munalivomereza mu 2010 limapatsidwa ndalama zosakwana kuliyendetsa. Mabanja ambiri a ana amenewa ndi a agogo olera ana amasiye, omwe ndi amene Mtukula Pakhomo anakhazikitsidwira. Pounika maina, pakhale wofunsa ngati khomo limene likulandira mwana wotuluka lili m'kaundula.

Mabungwe akuchita mbali yawo ndipo ndikuwathokoza. A PASI, bungwe lothandiza anthu pa zamalamulo, akhala akuyendera zitokosi ndi ndende kuyambira chaka cha 2000, kufotokozera anthu malamulo ndi kufulumizitsa milandu yoiwalika, ndipo anaphunzitsa amkhalapakati a m'midzi m'madera ena. YONECO, imene likulu lake lili konkuno, imayendetsa nambala yaulere ya 116 imene mwana kapena kholo angaimbe. Ophunzira zamalamulo a ku Chirunga akanati azizungulira zitokosi za m'boma lino Lolemba lililonse m'mawa, kungofunsa kuti muno muli mwana kodi, akanaphunzira zambiri ndipo ana angapo akanagona kwawo. Koma ntchito ya bungwe imatha thandizo la kunja likatha, galimoto n'kupita ku pulojekiti ina. Ana sasiya kupalamula chifukwa pulojekiti yatseka. Mwini ntchito akhale boma, mabungwe azingothandizira.

Abusa, ansembe ndi mashehe, inunso muli m'kalatayi. Timakuonani pa Khirisimasi ndi pa Eid mutanyamula sopo ndi shuga kupita kundende, makwaya akuimba, ndipo n'zabwino. Koma amene munamuimbira mkati uja akabwera kudzakhala pa benchi kapena pa mkeka wanu, ndani amasendera pafupi? Mpingo kapena mzikiti uliwonse ungathe kusankha munthu wamkulu mmodzi wodekha, wamwamuna kwa mnyamata, wamkazi kwa mtsikana, woti aziyenda naye chaka choyamba, kumufunsa wadya chiyani, kumuyankhulira nkhuku ikasowa. Zimenezi sizifuna bajeti.

Pomaliza ndikupempha manambala, chifukwa pakadali pano aliyense amangolankhula za m'mutu mwake, ine ndemwe. Miyezi itatu iliyonse khonsolo izilandira lipoti limodzi lochokera kupolisi, kukhoti la ana ndi ku zachisamaliro: ana angati anagwidwa m'boma lino, angati anagona m'chitokosi kupitirira maola 48, angati milandu yawo inapatutsidwa, olakwiridwa angati analandiradi chimene analonjezedwa, ndipo mwa ana amene anabwerera kwawo, angati akadali kusukulu kapena pa ntchito patatha miyezi 6. Maina asatchulidwe, lamulo limaletsa kuulula mwana amene ali pa mlandu. Lipotilo liziwerengedwa pa wailesi za m'dera lino m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti wogulitsa tomato pamsika wa Zomba amve yekha kuti mwana amene anamuona akumasulidwa uja analipira kapena ayi.

Ikani nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa khonsolo ukubwerawu, ndipo mulengeze tsiku lake. Misonkhano imeneyi ndi yololedwa kwa anthu wamba. Ife a m'makomiti a chitetezo tidzabwera ndi makope athu a mapangano, amene anakwaniritsidwa ndi amene anakanika omwe, kuti mudzawaone nokha.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Zomba